ZAPAMSIKA: Mpeni wa ku Hamburg ukudula thumba la mlimi wa ku Kasungu

 Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya mpeni. Musathawe ayi, sindikunena mpeni wa achifwamba. Ndikunena mpeni umene ambiri a ife sitinauonepo ndi maso, koma chaka ndi chaka umatidula m'thumba.

Lachiwiri lapitali ndinaima pa butchala ina mumsika wa Lilongwe kufuna theka la kilo ya nyama. Bambo wa pabutchalapo asanagwire nyama anayamba anola mpeni. Anacheka kawiri, n'kunolanso. Ine njala itandipweteka ndinati, "Bambo, nanga kunola kokhakokha, ife tidya liti?"

Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, mpeni wobuntha umadya phindu. Nyama imanyenyeka, tizidutswa timatsalira pathabwa, pofika madzulo wataya kilo yathunthu iwe osadziwa."

Mawu amenewa ndinapita nawo kunyumba. Zimene bamboyu akudziwa ndi mpeni wake umodzi, makampani opanga ndudu kunja kuja anazidziwa kalekale, ndipo akhala akuthira ndalama zankhaninkhani kuti mpeni wawo wodulira fodya usataye ngakhale kafumbi. Funso langa ndi lakuti: iwo akasiya kutaya, amene amaluza ndani?

Mwina wina akuti, "Ine ndimagulitsa mapoto, za fodya zindikhudza bwanji?" Achimwene, musadzinamize. Nonse mukudziwa mmene msika umatenthera okushoni ikatsegulidwa mwezi wa Epulo. Njinga zimayenda, malata amayenda, zitenje zimatha, ngakhale wa zitumbuwa amaweruka msanga. Pitani pa Kasungu, pa Mponela, pa Madisi, pa Mchinji kapena ku Rumphi nyengo imeneyi mukaone. Koma chaka chimene mitengo yavuta ku Kanengo, ku Chinkhoma, ku Limbe ndi ku Mzuzu, msika umazizira ngati pali maliro. Ndalama ya fodya imagona m'thumba la mlimi usiku umodzi wokha, m'mawa mwake ili pabenchi panu. Choncho nkhaniyi ndi yanu.

Tiyeni tilitsatire tsamba lija likachoka m'manja mwa mlimi. Iye wavutika nalo kuyambira ku nazale, wawokera, wathira feteleza wa ngongole, wathyola, wasoka, wayanika m'chigafa, wasankha, wamanga mindindi, wadinda belo pa jeke. Likagulidwa, belo limapita ku mafakitale monga a ku Kanengo. Ambiri timaganiza kuti kumeneko amapanga ndudu. Ayi ndithu. Kumeneko makina amangopuntha masamba kuti alekanitse tsamba lenileni ndi msana wake wolimba wapakati uja, kenaka amaumitsanso bwino, n'kulongedza m'makatoni akuluakulu a makilo pafupifupi 200. Basi, ntchito yathu yathera pomwepo. Makatoni amakwera malole kupita ku madoko a Beira, Nacala kapena Durban, n'kuwoloka nyanja. Ambiri amakatsikira ku Belgium, ena kumaiko ena. Mpeni uja umawadikira kumeneko.

Fodya wathu wambiri ndi wa bale. Ndudu zambiri za ku Ulaya ndi ku America amasakaniza mitundu itatu: wochiza ndi moto wa m'mapaipi uja timati wa fuluu, wa bale, ndi wina wa masamba ang'onoang'ono onunkhira wa ku Turkey ndi ku Greece. Bale amamukonda chifukwa ali ngati chinkhupule, amamwa bwino zokometsera zimene amathiramo, monga shuga ndi koko. Akasakaniza, amauzira nthunzi kuti masamba afewe. Tsamba louma ukalidula limangosanduka fumbi, izi ngakhale agogo opota chingambwe amadziwa. Ndiye amalinyowetsa mpaka madzi afike cha m'ma 20 pa 100 alionse a kulemera kwake, ndipo akamaliza kudula amaliumitsanso kufika cha m'ma 12 kapena 13.

Tsono makina odulira aja amagwira ntchito motere. Masamba ofewa amalowa pakati pa malamba awiri achitsulo, lina pamwamba lina pansi, amene amanka nayandikana kutsogolo. Malambawa amafinya fodya mpaka alimbe ngati mtanda wa sopo. Mtandawo umasuzumira pakamwa pa makina pang'onopang'ono, ndipo kutsogolo kwa kamwako kuli chigubu chachitsulo chozungulira mwaliwiro, chomangidwa mipeni ingapo m'mbali mwake. Mpeni uliwonse ukamadutsa umasenga kachidutswa kopyapyala. Kachidutswako kakagwa kamamasuka n'kukhala timaulusi tija mumationa mukang'amba ndudu.

Kupyapyala kwake? Tengani rula ya mwana wanu wa sukulu, muone timizere ting'onoting'ono kwambiri tija. Mpata wa pakati pa timizere tiwiri ndi milimita imodzi. Ulusi wa fodya wa mu ndudu nthawi zambiri sufika n'komwe pamenepo. Ndipo uyenera kukhala wofanana kuyambira m'mawa mpaka usiku. Ukanenepa, ndudu siyaka bwino ndipo imadya fodya wambiri kuti idzaze. Ukapyapyala kwambiri, umafumbutuka, ndudu imakhuthuka kumapeto ikadali m'paketi. Inu ogulitsa ndudu imodziimodzi mukudziwa mmene kasitomala amakanira ndudu yofewa kapena yopanda kanthu kunsonga. Amaifinya ndi zala, n'kukubwezerani.

Apa ndi pamene bambo wa butchala uja akanaomba m'manja. Makinawa ali ndi mwala wonolera wake womwe, umene umayendayenda kumbuyo kwa chigubu kunola mipeni makina akugwira ntchito, osaima. Pamene mpeni ukudyeka ndi mwala, makina amaukankhira kutsogolo pang'ono zedi kuti msinkhu wake usasinthe. Mwalanso uli ndi chouwongola chake, kansonga ka dayamondi, kuti usakhale ndi mabampu. Mpeni unoledwa ndi mwala, mwala uwongoledwa ndi dayamondi, ndipo zonsezi masiku ano ikuyang'anira ndi kompyuta. Chifukwa chake n'chimodzi: mpeni wobuntha sudula, umatswanya. Fodya wotswanyika amada, amamatirira, amachuluka fumbi, ndipo fumbi ndi ndalama yotayika.

Mpeni wotere uli ndi mdani wake, ndipo mdaniyo nthawi zina amachokera kwathu konkuno. Ndikumbuka chaka china malume anga anabwerera ku okushoni nkhope ili gwaa, mabelo awo awiri atakanidwa. Mlandu wake? Anapezamo kachingwe ka thumba la feteleza ndi nthenga za nkhuku. Malume anakwiya koopsa. Ankati, "Mphwanga, kachingwe kamodzi kokha, belo lonse la makilo 100? Anthu amenewa akungofuna kutibera." Ine panthawiyo ndinagwirizana nawo, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti nthawi zina ogula amagwiritsa ntchito nkhani ya zinyalala ngati chonamizira chogwetsera mtengo. Koma nditamvetsa za makinawa ndinaona mbali inanso. Kamwala kapena msomali zikafika pampeni wothamanga chotero, mpeni umabenthuka, makina amaima, fakitale imaluza. Pulasitiki ndiye woipitsitsa, chifukwa chida chogwira zitsulo sichimuona. Amadulidwa limodzi ndi fodya kukhala timaulusi tosaoneka, n'kukathera m'ndudu masauzande. Ndiye amene amaika miyala pakati pa belo kuti lilemere, kapena kubisa fodya woola m'kati, sakupusitsa mzungu ayi. Akuipitsa dzina la fodya wa dziko lonse, ndipo amene amalipira ndi alimi anzake osalakwa.

Mpikisano wa mipeniwu sunayambe lero. Kale ndudu ankapichira pamanja, ndipo katswiri weniweni ankapichira zinayi pa mphindi. Mu 1881 mnyamata wina wa ku Virginia ku America, James Bonsack, analembetsa makina amene ankatha kupanga ndudu 120,000 pa maola 10, ndiye kuti 200 pa mphindi. Mu 1884 James Buchanan Duke anaika makinawa m'fakitale yake ku Durham, ndipo pasanathe zaka zambiri anameza pafupifupi malonda onse a ndudu ku America. Kampani yake itakangana ndi Imperial Tobacco ya ku Britain, awiriwa anagwirizana mu 1902 n'kubala British American Tobacco, BAT imene tonse tikuidziwa. Imperial yomweyo ndi imene inadzatsegula fakitale yokonzera masamba ku Limbe mu 1908, dziko lino litayamba kale kutumiza fodya kunja mu 1893. Mukuona? Makina anjala anabadwa kaye kunja, kenaka anabwera kudzafuna chakudya chawo m'minda yathu.

Nanga Hamburg ikubwera bwanji? Mu 1946, nkhondo yachiwiri itangotha, Mjeremani wina dzina lake Kurt Körber anayamba kabizinesi kakang'ono mumzindawu, kokonza makina a ndudu owonongeka ndi kupanga timakina todulira fodya topukusa pamanja. Kabizinesi kameneko kanakula kukhala Hauni, imene lero ikutchedwa Körber Technologies, ndipo makina ake ali m'mafakitale a ndudu pafupifupi kulikonse padziko. Ena otchuka pantchitoyi ndi a G.D a ku Bologna ku Italy. Anthu amenewa salima fodya ngakhale phesi limodzi. Amagulitsa nzeru ya kudula basi.

Makina awo othamanga kwambiri amatulutsa ndudu 20,000 pa mphindi imodzi. Eya, pa mphindi, osati pa tsiku. Mmenemo mulinso mipeni ina. Fodya wodulidwa uja amayalidwa papepala lalitali losaduka, pepala limakulungidwa n'kumatidwa kukhala ndudu imodzi yaitali ngati chingwe, yothamanga kuposa munthu wopalasa njinga. Fodya asanakulungidwe, timipeni tozungulira timasenga wapamwamba wopitirira muyeso n'kumubwezera kumbuyo, monga mmene mayi wogulitsa ufa amasesera pamwamba pa mbale kuti isapitirire. Kenaka mpeni wina umadula chingwecho m'zidutswa zofanana chikuthamanga chomwecho. Zidutswa ziwiri amaziika uku ndi uku, pakati n'kuikapo fyuluta yotalika kawiri, kumata, kenaka mpeni wina n'kudula pakati pa fyulutayo. Zatuluka ndudu ziwiri. Pali chida choyeza kulemera kwa fodya m'kati mwa chingwecho chikudutsa, ndipo ndudu yopepuka kapena yolemera kwambiri imaponyedwa kunja ndi mpweya munthu asanaphethire. Ngakhale yotayidwayo satayiratu, amaing'amba n'kubweza fodya wake.

Tsopano tiyeni tiwerengere limodzi, poti inu a pamsika masamu a ndalama simulephera. Ndudu imodzi ya masiku ano ili ndi fodya wosakwana galamu imodzi, tinene magalamu 0.7. Makina a ndudu 20,000 pa mphindi ndiye kuti akudya makilo 14 pa mphindi. Belo la malume la makilo 100, limene banja lonse linalivutikira miyezi isanu ndi inayi, makinawa amalimaliza pa mphindi zisanu ndi ziwiri. Nsima isanapse n'komwe.

Tipitirize. Kilo imodzi pa muyeso umenewu ikutulutsa ndudu pafupifupi 1,400. Mu 2024, chaka chimene alimi ambiri anati mitengo inali yabwinoko, dziko lino linagulitsa makilo pafupifupi 133 miliyoni pa mtengo wapakati wa pafupifupi madola atatu pa kilo. Pa mtengo wa kubanki wa chaka chimenecho, imeneyo ndi K5,000 ndi kakusefukira. Gawani ndi 1,400. Mupeza kuti fodya wa mu ndudu imodzi mlimi analandirapo ndalama yosakwana K4. Wina anena kuti nanga zotayika popuntha ndi poumitsa? Chabwino, wirikizani kawiri, ikhale K8. Tsono inu anyamata a pa depoti, ndudu imodzi mumagulitsa zingati? Ndipo ya ku London kapena ku Brussels, kumene paketi imodzi ndi yokwera mtengo kwambiri? Zoona, gawo lalikulu kumeneko ndi msonkho wa maboma awo. Koma msonkhowo ukumanga misewu ya kwawo, osati ya ku Chamama.

Apa ndafika pa mtima wa nkhani yanga. Kunola mpeni kuja cholinga chake sikukometsa ndudu kokha ayi. Cholinga chachikulu n'chakuti ndudu idzaze ndi fodya wochepa. Ulusi wodulidwa bwino, wautali ndi wopotanapotana, umatenga malo ambiri m'pepala kusiyana ndi wonyenyeka. Ndi chimodzimodzi mulu wa usipa: wodziwa kuunjika amaoneka ngati wapereka zambiri pamene nsomba zake n'zochepa. Musandiyang'ane choncho amayi, tonse timadziwana.

Ndipo sanalekere pa mpeni. Msana wa tsamba uja, umene kale unali wotaya, masiku ano amaunyowetsa, kuuphwatalitsa, n'kuudula mopyapyala kuposa tsamba lomwe, n'kuusakaniza momwemo. Fumbi ndi zinyenyeswa amazikanda ngati phala n'kupanga chipepala cha fodya, chimene amachidulanso ngati tsamba. Njira imeneyi inafala m'zaka za m'ma 1950. M'zaka za m'ma 1970 anatulukira inanso: amaviika fodya wodulidwa mu mpweya uja wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi, ataupanikiza mpaka kusanduka madzi, kenaka n'kumutenthetsa mwadzidzidzi. Fodya amafufuma ngati mbuliwuli, kukula pafupifupi kawiri, kulemera osasintha. Wosuta amaona ndudu yodzaza bwino, koma gawo lina la zimene wagula ndi mpweya. Chifukwa cha nzeru zonsezi, ndudu ya lero ili ndi tsamba lochepa kwambiri kuyerekeza ndi imene ankasuta agogo athu.

Mwina mukuti kusiyana kwake n'kochepa. Tiyeni tiwerengerenso. Padziko lonse anthu amasuta ndudu pafupifupi 5 thiriliyoni pa chaka, ndiye kuti mamiliyoni okwana 5 miliyoni. Tiyerekeze kuti akatswiri a makina apeza njira yochotsera magalamu 0.05 okha pa ndudu iliyonse, kanthu kakuti sikelo ya pamsika singakamve. Mukachulukitsa, akwana makilo 250 miliyoni. Kumeneko n'kuposa fodya yense amene Malawi anagulitsa mu 2024, pafupifupi kawiri. Awa ndi masamu anga ongoyerekeza, koma akuonetsa chinthu choona: munthu wovala gawuni yoyera ku Hamburg, amene sanapondepo ku Santhe, angathe kuchepetsa njala ya ogula fodya popanda kukangana ndi mlimi aliyense. Ife tikamatukwana kalaliki wa pa okushoni, mpeni weniweni uli kutali.

Pamwamba pa izi, kumaiko olemera anthu osuta akunka nachepa, ndipo makampani ayamba zina. Kuyambira mu 2014 kampani ya Philip Morris ikugulitsa kachipangizo kotchedwa IQOS, kamene kamangotenthetsa fodya osamuyatsa, ndipo timitengo take timalowa fodya wochepa kuposa ndudu. Ena akukoka nthunzi ya mankhwala mopanda tsamba n'komwe. Zonsezi zikuloza kumodzi.

Ndiye wina afunsa, monga timafunsira nthawi zonse pa bawo: bwanji osagula makinawo ife, tizidula tokha? Funso labwino. Akuluakulu akukumbuka masiku amene ndudu zinkapangidwa ku Blantyre konkuno, BAT isanatseke makina ake n'kuyamba kuitanitsa ndudu kunja. Pambuyo pake kampani ya Nyasa Manufacturing inayamba kupanga ndudu mumzinda womwewo, koma fodya amene amathera m'ndudu zopangidwa m'dziko muno ndi kadontho chabe poyerekeza ndi amene amatuluka. Andale a zipani zonse akhala akutilonjeza kuti tisiya kugulitsa tsamba, tizigulitsa ndudu. Malemu Bingu wa Mutharika anafika poika mitengo yoyambira pa okushoni, ndipo mu 2009 anathamangitsa m'dziko muno akuluakulu ena a makampani ogula fodya. Tinaomba m'manja, koma makatoni anapitirira kukwera malole.

Chifukwa chake tisabisane. Makina ungagule, koma makina a ndudu 20,000 pa mphindi safuna magetsi ozimazima. Safuna kudikira miyezi itatu kuti ndalama zakunja zipezeke zogulira mpeni watsopano. Amafuna amisiri odziwa kuyeza zinthu zopyapyala kuposa tsitsi. Pepala, fyuluta, guluu, zokutira, zonse n'zoitanitsa. Ndipo choposa zonse, wosuta wa ku Ulaya sagula ndudu chabe, amagula dzina limene analizolowera, ndipo maina amenewo ali ndi eni ake. Maboma awonso amatchinga ndi misonkho. Choncho wandale akadzaimanso pa nsanja n'kunena kuti fakitale ya ndudu ikubwera kudzatipulumutsa, mufunseni mafunso atatu: magetsi achokera kuti, amisiri aphunzira kuti, ndipo ogula ali kuti? Akayankha bwino, mupatseni voti. Akayamba kuvina, dziwani kuti ndi nyimbo yakale.

Pali chinanso chimene sindingachilumphe, ngakhale ena a inu mundida nacho. Mpeni ungathwe bwanji, ndudu ingaoneke yosalala bwanji, utsi wake ndi womwewo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati fodya amapha anthu oposa 7 miliyoni chaka chilichonse. Timabowo tosaoneka timene makina amaboola pa fyuluta kuti utsi uzimveka wopepuka sititeteza munthu ku khansa. Malawi naye mu 2023 analowa m'pangano la maiko lochepetsa kusuta. Ndiye inu anyamata a ndudu, sindikukuletsani geni yanu, aliyense amadya pamene wagwira. Koma mwana wa yunifolomu akabwera ndi ndalama m'manja, ngakhale anene kuti atumidwa ndi bambo ake, mubwezeni. Phindu la ndudu imodzi silingagule mapapo.

Nanga tichite chiyani ife a pamsika? Ine si nduna, koma wakutsina khutu ndi mnansi.

Choyamba, inu amene muli ndi abale olima fodya, kawauzeni za mpeni uja. Pomanga fodya asagwiritse zingwe za pulasitiki, posankhira pakhale posesa, nkhuku zisalowe m'chigafa. Belo loyera silitsimikiza mtengo wabwino, koma belo la zinyalala limapatsa wogula chifukwa chaulere chokugwetsera. Tisawapatse ndodo yotimenyera.

Chachiwiri, inu okongoza katundu poyembekeza ndalama za okushoni, chenjerani. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Belo limene silinagulidwe si ndalama. Ndikudziwa mayi wina wa zitenje amene chaka china anakongoza pafupifupi theka la katundu wake kwa alimi a kwawo, mabelo n'kubwerera kawiri konse. Mpaka lero akungoti "adzandipatsa". Mitengo ikakwera chaka chino, musaganize kuti yakhazikika. Kawirikawiri chaka chabwino chimakopa anthu ambiri kulima, fodya n'kuchuluka, chaka chotsatira mitengo n'kugwa.

Chachitatu, ndipo ichi ndiye chachikulu, tiphunzirepo kanthu pa Körber uja. Munthuyu sanayambe ndi fakitale ya nsanjika. Anayamba ndi kukonza makina akutha ndi kupanga kodulira kopukusa pamanja. Anaona kuti ndalama siili mwa wolima, ili mwa wodula, woyeza ndi wolongedza. Ife pa ndudu sitima inatisiya, ndipo mwina ndi bwino, poti ndi sitima yopita kumanda. Koma mtedza, soya, mpendadzuwa, nandolo, chinangwa, tsabola, zonsezi tikuzigulitsabe monga timagulitsira fodya: zosakonza, pa mtengo wonenedwa ndi wogula. Thumba la mtedza likachoka pa Mchinji n'kubwerera lili m'botolo ngati chiponde, mtengo wake mumaudziwa. Kusiyana kwa thumba ndi botolo ndi makina, ukhondo ndi muyeso wosasintha. Amisiri athu a ku Ndirande ndi ku Mchesi amene amapanga mbaula, zigayo za mtedza ndi makina opukusira chimanga ali ndi manja abwino. Chimene chimawasowa ndi zida zoyezera, zitsulo zabwino, ngongole yosapha ndi maphunziro. Boma likanafuna kutithandiza zoona, likanayambira pamenepo, osati pa misonkhano ya m'mahotela a ku nyanja.

Ndipo ifenso tisinthe. Kasitomala akagula botolo la chiponde lero n'kukoma, mawa n'kupeza lamchenga, sabweranso. Azungu a ndudu analemera chifukwa ndudu ya Lolemba ndi ya Loweruka sizisiyana ngakhale pang'ono. Katundu wawo ndi wakupha, koma mwambo wawo wa muyeso ndi woyenera kuubera.

Dzulo ndinadutsanso pa butchala paja. Ndinawafotokozera bambo aja za makina onola okha mipeni akudula. Anamvetsera mpaka kumapeto, mpeni uli m'manja, kenaka anafunsa, "Ndiye zinyenyeswa zimene apulumutsazo, mlimi amamuonjezera?"

Ndinati ayi.

Anapukusa mutu, n'kubwerera pa mwala wawo wonolera.

Tikumanenso sabata yamawa, Mulungu akalola. Ndidzabwera ndi nkhani ya masikelo a ogula mbewu m'midzi, ndiye amene muli ndi madandaulo mundipeze pamalo paja pa masiku onse. Gulitsani bwino, ndipo chenji muzibweza chokwanira.